Ndirande ilibe nyanja, koma imadya za padoko

Loweruka lina m'mwezi wa June, kutazizira monga mudziwira chiperoni chikakuta phiri la Ndirande, ndidalowa mumsika kukafuna juzi ya pakaunjika. Pali mayi ena amene ndakhala ndikugula kwa iwo kuyambira ndili pasukulu, moti amanditchula kuti mwana wawo. Tsikulo umwana sudagwire ntchito. Mtengo umene adanditchulira udandichititsa kubweza juzi ija pamulu mwaulemu.

Nditayamba kudandaula, mayiwo adandiuza kuti ndisawaone ngati akufuna kulemerera pa ine, belo lakwera ku Limbe komwe amakaoda. Ku Limbeko nako eni mashopu akuti si iwo, koma kontena idakhalitsa padoko ndipo a mathiraki akweza mtengo wonyamulira katundu. Mukafunsa a mathiraki akuuzani za dizilo, za ndalama zolipira m'zipata ndi za masiku amene amagona pamzere ku Mwanza. Aliyense akuloza mnzake, ndipo chala chomaliza chikuloza kunyanja ya mchere, kumene ambirife sitidapondeko n'komwe.

Nkhani ya madoko timaitenga ngati ya akuluakulu a mataye ku Capital Hill. Koma tayendani pang'onopang'ono mumsika wathuwu, muziwerenga zinthu zimene zidakwerapo sitima yapamadzi. Kaunjika tamutchula kale. Onjezanipo zipangizo za galimoto zimene anyamata amayala pansi, minibasi imene yakutsitsani pasiteji, njinga yamoto ya kabaza ndi foni imene ili m'thumba mwanumo. Ngakhale mandasi amene mwana wagula ndi chenji ndi a ufa wa tirigu, ndipo tirigu wambiri amene amagayidwa mu Blantyre muno amachokera maiko a kutsidya kwa nyanja. Chimanga n'chathu, inde, koma feteleza amene adachikulitsa adatsikira ku Beira kapena ku Nacala, ndipo lole imene yachibweretsa mumsikamu yamwa dizilo amene sitikumba kuno.

N'chimodzimodzinso ndi zimene timagulitsa kunja. Fodya wa kuokushoni ku Limbe, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, shuga wa ku Nchalo, nandolo amene amapita ku India, zonsezi ziyenera kukafika padoko kaye. Wogula wa kunja sasamala kuti katundu wachokera kutali bwanji, iye amalipira mtengo wa pamsika wa dziko lonse. Ndalama ya ulendo wonsewo imadulidwa kwa mlimi. Choncho m'Malawi amalipira kawiri: pogula amalipira modula, pogulitsa amalandira zochepa.

Dziko lino lilibe gombe la nyanja yaikulu, kotero makomo athu ndi a eni ake. Anayi ndiwo timagwiritsa ntchito kwambiri. Beira ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 800 kuchokera mu Blantyre mukadzera pamsewu wa Mwanza, Zobue ndi Tete. Nacala ali pamtunda wofananako mukadzera panjanji ya Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi. Dar es Salaam, kumene kumatsikira galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan ndi gawo lalikulu la mafuta athu, ali kutali kuposa kuwirikiza kawiri mtunda umenewu, ndipo Durban ali pamtunda woposa makilomita 2,000. Madoko awiri apafupiwa ali ndi makhalidwe awo. Nacala ndi doko lakuya mwachilengedwe, sitima zikuluzikulu zimakocheza popanda vuto. Beira ali pamathiriro a mtsinje wa Pungwe, pamene pamadzadza mchenga, moti amayenera kumakumbapo kawirikawiri kuti sitima zilowe.

Ine maganizo anga ndi akuti bola katundu wathu wolemera akuyenda pamatayala m'malo mwa panjanji, mitengo mumsika wa Ndirande sidzatsika, kaya pampando pakhale ndani. Sitima yapamtunda imodzi imakoka katundu amene angadzaze mathiraki makumimakumi, ndi dalaivala mmodzi, injini imodzi kapena ziwiri. Taganizani thankala yochoka ku Dar es Salaam, kudutsa Mbeya, Songwe, Chiweta mpaka kuno. Ikuwotcha dizilo kuti itibweretsere dizilo, kenaka n'kubwerera yopanda kanthu kukatenga wina. Dizilo yense wowotchedwa panjirayo timagula ndi ndalama zakunja zomwe tikulira kuti zikusowa. Pamwamba pa apo, kulemera kwa mathirakiwo ndiko kumakumba maenje m'misewu imene timakonza ndi misonkho yathu.

Chomvetsa chisoni n'choti sitidayambe chonchi. Agogo athu ankadziwa njira yachidule. Njanji yochoka ku Nsanje, komwe kale kunkatchedwa Port Herald, idafika mu Blantyre mu 1908. Mu 1935 adatsegula mlatho wa Dona Ana pamtsinje wa Zambezi, wotalika makilomita oposa 3, ndipo kuyambira pamenepo sitima inkachoka ku Beira n'kudzaima ku Limbe osatsitsa katundu panjira. Iyi ndiyo njira ya panjanji yaifupi kuposa zonse yochokera mu Blantyre kupita kunyanja. Mu 1970 boma la Kamuzu Banda lidatsegula njanji yochoka ku Nkaya kupita ku Nayuchi, kutilumikiza ndi Nacala. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, katundu woposa 90 pa 100 aliyense wolowa ndi kutuluka m'dziko muno ankayenda panjanji ziwirizi. Limbe idakula chifukwa cha njanji, ndipo anthu ambiri amene adadzamanga m'makwalala a Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni adabwera kudzafuna ntchito m'mafakitale amene ankadalira mabogi amenewo.

Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique ndiyo idadula zonsezi. Pofika mu 1984 njanji zonse ziwiri zidali zitatsekeka, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana udaphulitsidwa. Katundu wathu adayamba kuzungulira ku Durban pamsewu, mathiraki akudutsa ku Tete m'magulumagulu moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Boma lidatsegulanso njira ya kumpoto, n'kukhazikitsa malo osungirako katundu wa Malawi ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya. Asilikali athu adatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala, ndipo ena sadabwerere amoyo. Malume anga, amene ankayendetsa thiraki nthawi imeneyo, akamakamba za msewu wa Tete amayamba atsitsa kaye mawu.

Nkhondoyo idatha mu 1992. Apa ndiye pamene ndimati tisamangonamizira nkhondo, chifukwa zimene zidatsatira ndi zathu. Mu 1997 madzi osefukira adadula njanji pafupi ndi Chiromo, pakati pa Bangula ndi Makhanga. Ine panthawiyo mwina ndidali kumsana kwa mayi anga. Lero ndine munthu wamkulu wolipira lendi, koma malo amene adadukawo sadalumikizidwebe, ndipo dzina loti Mtayamoyo limene anthu a kumeneko amatchula powolokerapo likunena lokha. Mu 1999 boma lidapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways kuti iziyendetsa. Mu 2003 mlatho wa Rivirivi ku Balaka nawo udakokoloka. Pang'ono ndi pang'ono amalonda adazolowera thiraki, ndipo njira imene tidaitenga pothawa zipolopolo idasanduka njira yathu ya tsiku ndi tsiku.

Kenaka kudabwera loto la doko la Nsanje. Ndidali kupulayimale, koma ndikukumbukira zikwangwani zake m'misewu ndi mmene wailesi inkalikambira. Maganizo a malemu Bingu wa Mutharika adali oti katundu aziyenda pamadzi kudzera mu Shire ndi Zambezi, mtunda wa makilomita 238 kukafika ku Chinde. Pa 23 October 2010 dokolo lidatsegulidwa ndi mwambo waukulu, Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia ali pomwepo. Mtsogoleri wa Mozambique, Armando Guebuza, sadabwere. Bwato limene lidanyamula feteleza kuti lidzakocheze patsikulo lidagwidwa ndi akuluakulu a boma la Mozambique lili panjira. Iwo ankati mtsinje wa Zambezi mbali imeneyo ndi wawo, ndipo pafunika kafukufuku kaye woona ngati ungayendemo sitima popanda kuononga chilengedwe.

Sindikunena kuti ganizolo lidali lopusa. Kunyamula katundu pamadzi n'kotchipa, ndipo atsamunda asanamange njanji ankalowera momwemo. Koma tidamanga khonde tisanapemphe njira kwa mwini bwalo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpaka lero simenti ija ili gone m'mbali mwa Shire, palibe sitima ya katundu imene ikukochezapo. Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti m'tauni momwemo mwa Nsanje mudali mukudutsa njanji yakale ya ku Beira, itamera thengo. Mphamvu ndi ndalama zimene zidapita padokolo zikadapita panjanjiyo, mwina bwenzi pano tikukamba zina.

Njanji yatsopano imene dziko lino laona m'zaka zaposachedwapa sidabwere chifukwa cha ife. Kampani ya Vale ya ku Brazil inkafuna njira yotulutsira malasha ake ku Moatize, ndipo idaona kuti njira yachidule yopita ku Nacala ndi yodutsa m'Malawi. Idamanga njanji kudzera ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya, n'kukonzanso yakale yopita ku Nayuchi. Njanji yonseyo, yotalika makilomita oposa 900, idatsegulidwa mu 2017, ndipo mu 2022 Vale idagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan. Tapindula nayo, zimenezo sindingatsutse. Koma mwini njinga ndiye amakhala pachishalo. Njanjiyo idamangidwira malasha, ndipo feteleza wathu, tirigu wathu ndi mafuta athu amayenda m'mipata imene yapezeka. Ntchito ya boma ndi kukambirana kuti mipatayo ichuluke, ndi kuonetsetsa kuti mabogi ndi mainjini onyamula katundu wamba alipo okwanira.

Zizindikiro zabwino zidaoneka. Mu October 2023 atsogoleri a maiko atatu panthawiyo, Filipe Nyusi, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, adakumana ku Nacala potsegulira doko limene lidakonzedwanso ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo adasainirana mapangano a kagwiritsidwe ntchito ka njirayi. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala idafika ku Lilongwe patapita zaka zoposa 20. M'chaka chomwecho sitima ina ya mafuta yochokera ku Beira idafika ku Marka, m'malire a Nsanje ndi Mozambique, koyamba m'zaka zoposa 40. Anzathu a ku Mozambique adali atamaliza mbali yawo, makilomita 44 kuchoka ku Mutarara kufika m'malire. Mbali yathu ndi makilomita 72 kuchoka ku Marka kufika ku Bangula, ntchito imene idapatsidwa kwa kampani ya ku China mu 2022.

Anthu adavina ku Marka, ndipo adayenera kuvina. Koma tiyeni tinene zoona. Sitima ikaima ku Marka ndiye kuti mafutawo ayenera kupopedwanso m'mathankala, akwere mapiri a Thabwa ndi Kamuzu View pamsewu wa Chikwawa kuti afike mu Blantyre. Ngakhale njanji itafika ku Bangula, nkhani ikhala yomweyo. Phindu lenileni lidzaoneka tsiku limene sitima idzawoloke Shire ku Chiromo, n'kudutsa Makhanga, Sandama ndi Luchenza kudzaima ku Limbe. Gawo limeneli ndilo lovuta komanso lodula, chifukwa ndi dera la madzi osefukira, kumene Ruo amakumana ndi Shire. Ndilonso gawo limene andale salitchula kawirikawiri, poti silingathe m'zaka zisanu kuti munthu adulepo riboni chisankho chisanafike.

Ndikudziwa ena anena kuti mtolankhaniyu akusokoneza, vuto lathu si njanji koma ndalama zakunja. Ali ndi mfundo. Mizere ya pamalo omwetsera mafuta imene tidaiona mu 2011, mpaka anthu kukwiya pa 20 July, komanso imene tidagonapo mu 2022 ndi mu 2024, gwero lake lalikulu kudali kusowa kwa madola ogulira mafutawo. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023, mitengo mumsika idakwera tsiku lomwelo, njanji isanafunsidwe n'komwe. Koma madolawo amathera kuti? Gawo lina limathera panjira: kulipira mathiraki a eni ake a kunja, kulipira zipata za m'misewu ya maiko ena, kulipira chindapusa kontena ikakhalitsa padoko. Ndipo madola amabwera tikagulitsa katundu kunja, pomwe katundu wathuyo amafika pamsika atadula kale ndi ulendo. Nkhani ziwirizi ndi mapasa.

Ena ndi abale athu enieni. Ku Ndirande, ku Machinjiri ndi ku Zingwangwa kuli mabanja ambiri amene amadya chifukwa bambo amayendetsa thiraki ya ku Beira kapena ku Joni, ndipo palinso amakaniko, owotcherera ndi ogulitsa matayala amene amadalira mathiraki omwewo. Kwa iwo nkhani ya njanji imamveka ngati kuwalanda nsima pakamwa. Sindingawanamize kuti palibe amene angataye kanthu. Maulendo ataliatali onyamula mafuta ndi feteleza angachepe ndithu. Koma sitima siipita ku Ntaja, ku Phalombe kapena ku Mwanza boma kukatsitsa matumba pakhomo pa golosale. Katundu akatsika ku Limbe, ku Liwonde kapena ku Kanengo adzafunikabe thiraki yomufikitsa kumene kuli anthu, ndipo dalaivala wake azigona kunyumba m'malo mogona pansi pa thiraki ku Zobue. Komanso sitingapitirize kudulitsa feteleza kwa alimi mamiliyoni pofuna kusunga njira imene tidaiyamba chifukwa cha nkhondo.

Mfundo yachitatu ndiyo imandipatsa mantha inenso: kuika mtima wonse pa Mozambique. Mu March 2019 namondwe wa Idai adaphwanya mzinda wa Beira n'kudula msewu wochokera kudoko. Kumapeto kwa 2024 zipolowe zimene zidabuka chisankho cha kumeneko chitatha zidaimitsa mathiraki ndi mathankala athu, ndipo mizere ya mafuta kuno idatalika. Kumpoto kwa dzikolo, m'chigawo cha Cabo Delgado, kwakhala kuli zigawenga kuyambira mu 2017. Choncho khomo la Dar es Salaam lisatsekedwe ayi, ndipo kwa abale athu a ku Karonga ndi Mzuzu ndilo lapafupi. Nkhokwe za mafuta monga za ku Matindi zizikhala ndi kanthu, kuti njira ina ikaduka tisamayambe kuthamanga ndi zigubu tsiku lachitatu. Koma khomo lothawirapo moto silikhala khomo lolowera tsiku lililonse. Kwa ife a chigawo chakummwera, nyanja yathu ili ku Beira ndi ku Nacala, ndipo ubale ndi Maputo tiyenera kuusamala monga munthu asamalira mnansi amene njira ya kuchitsime imadutsa pamunda pake. Nkhani ya bwato la feteleza ija idatiphunzitsa zimenezo mowawa.

Nafenso anthu wamba tili ndi mlandu wathu, ndipo pano ndikulankhula ndi a kwathu. Pamene njanji yakhala osagwira ntchito, anthu akhala akuzula zitsulo zake, mabawuti ndi zomangira, kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Ena alima ndi kumanga nyumba m'mphepete mwenimweni mwa njanji, moti ntchito yokonza ikamabwera imayamba ndi kukangana za chipukutamisozi. Ndirande ndi likulu la amisiri a zitsulo, ndipo timanyadira kuti palibe chimene chingawakanike. Mmisiri amachidziwa chitsulo cha njanji akachiona. Wina akabwera nacho pasikelo, ndi bwino kumubweza, chifukwa kandalama kamene mupeze pa bawuti imodzi mudzakabweza kambirimbiri pogula thumba la feteleza.

Nthawi ya kampeni ofuna mipando amabwera pabwalo ndi nsalu, ndi malonjezo a mijigo ndi milatho ya m'makwalala. Zonsezo n'zofunika. Koma sindidamvepo munthu ataimika dzanja pamsonkhano kufunsa phungu kuti njanji ya ku Nsanje ili pati, pomwe ndiyo ingakhudze mtengo wa buledi, wa minibasi ndi wa belo la mayi anga aja kuposa zambiri zimene timaombera m'manja. Phungu wa ku Ndirande ali ndi ufulu wofunsa funso limeneli m'Nyumba ya Malamulo mofanana ndi phungu wa ku Nsanje.

Unduna wa zamtengatenga uzitiuza poyera, mwina miyezi itatu iliyonse, kuti pa makilomita 72 a Marka ndi Bangula amene atha ndi angati, kontirakitala walipidwa zingati ndipo akudikira zingati. Utiuzenso kuti pa mafuta ndi feteleza amene adalowa m'dziko muno chaka chathachi, wobwera panjanji adali wochuluka bwanji. Ndipo pa za mlatho wa Chiromo tikufuna kumva tsiku loyambira ntchito, ndi kumene ndalama zake zichokere.